Koloboyi m'Chitsime cha a Petros

Pamphambano ina kufupi ndi Santhe pali malo omwetsera mafuta amene anatsekedwa, mapampu ake atakutidwa ndi masaka. Mukafikapo Lolemba loyamba la mwezi mudzapeza bambo wamtali, wopanda nsidze, khungu la kumaso ndi la m'mikono lili mawangamawanga, akutsitsa kachingwe m'paipi yotuluka m'nthaka. Ameneyo ndi Lemani. Alendo amaganiza kuti anagwera pamoto ali khanda, koma ayi. Moto umenewo unamupeza ali ndi zaka makumi asanu, ndipo anauyatsa yekha ndi machesi ake.

Lemani analekera sukulu mu Sitandade 4, atsibweni ake atamutenga kuti azikakumba nawo zitsime. Anakulira m'maenje. Ankadziwa dothi polilawa, ankadziwa kuti katondo akatha n'kuyamba mchenga wotuwa ndiye kuti madzi ali pafupi, ndipo m'madimba a kumeneko, kumene anthu amathirira nazale za fodya dzuwa la Okutobala likuswa mtengo, zitsime zambiri zinatuluka m'manja mwake. Koma mtima wake unali wapachala. Dzanja linkafika pakamwa pasanatseguke. Chaka china anapeza munthu akutsukira sipuleya ya mankhwala a fodya pakamwa pa chitsime chimene iye anakumba. Sanamufunse dzina. Anapinda chingwe chotungira pawiri n'kumukwapula nacho mpaka munthuyo anadziipitsira, kenako anamukoka mwendo kukamusiya kumsewu. Lemani anagona masiku awiri m'chitokosi, ndipo atatuluka anthu anamugulira chibuku. Ankati pa nkhani ya madzi, Lemani alibe m'bale.

Anakwatira Fainala, mkazi wa ku Kapelula, wosalankhulalankhula. Fainala anabwera kubanja ndi mlongo wake wamng'ono, Tsoka, amene anamulera yekha mayi awo atamwalira. Tsoka anakulira pakhomo pa Lemani mpaka anamera ndevu, namanga kanyumba kake kuseri. Anali wapakamwa, woseka ndi aliyense ndi wokangana ndi aliyense. Mafuta akamasowa m'dziko muno, iye ankagona pamzere ndi zigubu, n'kumagulitsa petulo wa m'mabotolo kwa anyamata a kabaza pansi pa mtengo wa mango. Lemani ankamukalipira tsiku lililonse, koma ankamukonda, ndipo nyama ikapezeka pakhomo ankayamba kufunsa ngati mlamu wake amusungirako.

Malo omwetsera mafuta aja anamanga a Davison, munthu amene analemera ndi kugula fodya kwa alimi m'midzi mvula isanathe. Mathanki awiri amene anakwirira pansi sanali atsopano. Anawagula pa esiteti ina imene inagwa, nawapaka utoto. Asanawalole kutsegula, a boma anawauza kuti aboole mapaipi atatu mozungulira mathankiwo, ofika pamadzi a pansi, kuti ngati thanki yayamba kudontha zidziwike msanga. Woyeza madziwo anali mayi wina wa ku Lilongwe, a Chikhumbo, amene ankabwera pakatha miyezi itatu. Pakatipo pankafunika munthu woyang'ana mwezi ndi mwezi, ndipo aliyense analoza Lemani, yemwe msana unali utayamba kukana khasu.

Mayi Chikhumbo anamupatsa kapaipi koonekera mkati, kotalika ngati mkono, komangidwa kuchingwe.

"Muzitsitsa pang'onopang'ono, bambo," anamuuza. "Kakangolowa theka m'madzi, kokani. Mafuta samira. Ngati alipo, muwaona akuyandama pamwamba pa madzi m'kapaipimu. Mukaona ngakhale ochepa ngati chikhadabo, mundiimbire tsiku lomwelo."

Lemani anaseka. Iye kumuphunzitsa madzi? Koma ntchitoyo anaikonda. Anapatsidwa ovolosi yabuluu ndi makiyi a maloko atatu a pamapaipi, ndipo masiku ena ankasesa ndi kulondera pamalopo. Kwa zaka ziwiri kapaipi kankatuluka ndi madzi oyera.

Mu Juni chaka chachitatu, paipi ya kumunsi, yoyang'ana kudambo, inatulutsa madzi okhala ndi kamzere kofiirira pamwamba. Ananunkhiza. Anali petulo. Foni ya mayi Chikhumbo inali m'thumba, koma Lemani anaona kuti ulemu n'kuyamba wauza mwini malo.

A Davison anamulowetsa mu ofesi n'kutseka chitseko.

"A Lemani, mukufuna atitsekere? Akatseka pano, anthu onsewa azikagula mafuta kuti? Adzati watsekeretsa ndani? Amenewo ndi madontho a pamene tankala imatsitsa mafuta. Tungani madziwo mutaye, muthiremo abwino, basi. Thankiyo ndiikonza fodya akatha kumsika."

Apa ndiye pamene ukali wa munthu wa chingwe chopinda pawiri uja unafera. Lemani anavomera. Lamulungu m'mawa, anthu ali m'tchalitchi, ankatunga m'paipimo mpaka kamzere katatha, kenako n'kuthiramo zigubu za madzi a pamjigo. Mayi Chikhumbo atabwera mu Julayi anadzaza mabotolo awo ndi madzi a pamjigo, namuyamikira Lemani chifukwa chosamala maloko. Mu Ogasiti kamzere kaja kanafika pa chala chimodzi. Mu Seputembala zala zitatu. Lemani atapitanso mu ofesi muja, a Davison sanatseke n'komwe chitseko.

"Amene wakhala akuthira madzi m'paipimo ndani? Ine ndinagwirapo chigubu? Mukayankhula, woyamba kumangidwa ndinu."

Pakadafunda padajiwitsa galu. Lemani anatuluka, ovolosi ikadali pathupi.

Koma madzi saiwala khwawa, ndipo Lemani ankadziwa zimenezi kuposa munthu aliyense pamalopo. Kutsika kuchokera pamathanki, mapazi ngati mazana awiri, panali dimba la a Petros, mlimi wamkulu wa fodya wa bale, ndipo m'dimbamo munali chitsime chimene Lemani anakumba, chomangidwa ndi njerwa, chovundikira ndi simenti, chokhala ndi kachitseko kotungira. Mabanja asanu ankathirira nazale zawo pamenepo, ndi kumwa pomwepo. Kumayambiriro kwa Okutobala mbande zinayamba kuchita chikasu n'kugona. Tiyi ankanunkha. Ana awiri anasanza usiku wonse. Pamwamba pa madzi m'ndowa pankaoneka mitundumitundu ngati pakhosi pa nkhunda. Mlimi wa fodya nazale ikafa mu Okutobala, chaka chonse chafa, ndipo anthu asanu amene chaka chawafera sakhala nthawi asanapeze wolakwa.

Sanavutike kumufuna. Milungu itatu m'mbuyomo mbuzi ya Tsoka inalowa m'dimba la a Petros, ndipo iwo anaitema mwendo ndi chikwanje. Tsoka anaibweza kunyumba ataisenza, akutukwana njira yonse, ndipo anthu anamumva akunena kuti, "Madzi a m'dimba limeneli mudzawamva kuwawa." Anali mawu a mkwiyo chabe. Koma munthu wogulitsa petulo m'mabotolo, wonena mawu otero, chitsime n'kuyamba kununkha petulo, ankafunikanso mboni yanji?

Linali Lachinayi, dzuwa litangokwera. Lemani ankasesa pamapampu pamene Fainala anatulukira akuthamanga, wopanda mpango kumutu.

"Bambo a Thoko, amugwira Tsoka! Akumupha kudimba kwa a Petros!"

Atafika anapeza anthu oposa makumi atatu. Tsoka anali atagona chammbali pafupi ndi chitsime, manja atamangidwa kumbuyo ndi chingwe chotungira. Ankamumenya ndi mikangala, ndodo zopachikira fodya zija, ndipo ikathyoka ankatola ina. Diso limodzi linali litatsekeka. Mano awiri anali pansi, m'matope. Mayi wina ankamuthira madzi a m'chitsimemo kumaso ndi keni yothirira, akukuwa kuti amwe yekha zimene wathira. Fainala anadziponya pamwamba pa mlongo wake, mkangala umodzi unamupeza pamsana, amuna awiri namukokera kumbali.

"Alamu," anatero Tsoka atamuona Lemani, magazi akutuluka ndi mawu omwe. "Alamu, auzeni. Ine sindinathire."

A Petros anakweza dzanja kuti anthu aleke.

"Akuti sanathire. Chabwino. Chigubu chake chili pansi pamenepo, n'chifukwa chake fungo silikutha ngakhale titunge bwanji. Mumangeni m'chiuno, alowe akachitulutse yekha."

Lemani ankadziwa zoona zake. Chigubu munalibe, ndipo mpweya wa m'munsimo ukanamukomola Tsoka asanafike pamadzi. Mawu anali pakamwa, ochepa chabe: mafutawa akuchokera kuthanki, ine ndawaona. Anakweza maso. Kumtunda, m'mphepete mwa msewu, a Davison anali ataima pafupi ndi galimoto yawo, manja ali m'thumba, akuyang'ana kudimba. Lemani anayang'ananso mikangala ija, n'kuona kuti akanena, imeneyo itembenukira kwa iye, munthu amene anathira madzi a pamjigo m'paipi kwa miyezi inayi ana a anthu akumwa petulo. Anachita mantha, Lemani yemwe uja. Ndipo mantha anamupatsa nzeru imene iye anaiona ngati yabwino.

Okumba zitsime ali ndi lamulo limene aliyense kumeneko amalidziwa. Munthu salowa m'chitsime chakale nyali isanalowe. Amayatsa koloboyi, kumumanga kuchingwe, n'kumutsitsa mpaka pafupi ndi madzi. Akapitiriza kuyaka, mpweya uli bwino. Akazima, salowamo munthu tsiku limenelo, ngakhale mutagwera mbuzi ya ndani. Pa zaka zoposa makumi atatu Lemani anali ataona zinthu ziwiri zokha: nyali kuyaka, kapena nyali kuzima. Anadziuza kuti mpweya wonunkha chotere uzimitsa moto, anthu aona okha kuti simungalowe munthu, tsiku lidutsa, mitima izizira, ndipo iye apulumutsa mlamu wake osatsegula pakamwa.

"Chitsimechi ndinakumba ndine," anatero mokweza. "Salowamo munthu nyali isanalowe. Mukufuna mudzanene kuti chitsime cha Lemani chinadya munthu?"

Palibe anatsutsa, ngakhale a Petros. Masiku ano anthu amaunikira matochi, koma mayi Ezelina, a nyumba ya pafupi ndi dimbalo, anali akadali ndi koloboyi, ndipo anakamutenga. Amuna anayi anakankhira chivundikiro cha simenti pambali kufika theka. Fungo linatuluka loti munthu wanzeru akanabwerera m'mbuyo. Munthu amene ankasesa tsiku ndi tsiku pansi pa chikwangwani choletsa kusuta fodya! Koma m'mutu mwa Lemani chikwangwanicho chinali cha pamapampu, ndipo ichi chinali chitsime, malo a madzi, ntchito ya manja ake. Anakhwatcha machesi, nayatsa, nayamba kutsitsa. Monga zimakhalira nthawi zonse, anthu anasendera n'kuweramira m'chitsime kuti aone ngati lawi lizime.

Koloboyi sanafike n'komwe pakati. Kunamveka kuphulika kumene anthu a kumsika anakuyesa tayala la lole, ndipo moto unatuluka m'chitsimemo wowongoka, kupitirira mitengo ya nthochi. Chivundikiro chinasweka pakati, chidutswa chimodzi n'kuthyola mwendo wa mayi Ezelina. Mwavi, mwana wachisamba wa a Petros, bambo wa ana awiri, amene anaweramira kwambiri, anagwa chagada malaya ndi tsitsi zikuyaka, akugubuduzika m'mabedi a nazale. Lemani anaponyedwa m'ngalande. Atadzuka sankamva kanthu m'makutu, khungu la m'mikono likulendewera, ndipo kumaso kunkamveka ngati amuthira phala lotentha.

Anaona zotsatirazo ngati munthu woonera patali. Anaona pakamwa pa a Petros patatseguka, chala chawo chikuloza Tsoka. Anaona anthu akutola njerwa zimene zinagumuka pachitsime. Kwa iwo umboni unali utakwana: wathira mafuta ambiri chotere kuti atiphe tonse. Njerwa yoyamba inamupeza Tsoka paphewa. Yachiwiri pakhutu. Manja ake anali akadali omangidwa, moti sakanatha ngakhale kuphimba mutu.

Pamenepo m'pamene Lemani anakuwa. "Si iyeyo! Ndi thanki! Mafuta akuchokera kuthanki!" Anakuwa mpaka kukhosi kunauma, koma mawu amene akanamveka bwinobwino kanthawi kapitako, tsopano ankangomira m'phokoso. Anagwira mkono wa mnyamata wina amene ananyamula njerwa, koma zala zake zopsa zinaterereka, mnyamatayo namukankha ndi chigongono.

Anathamangira kumtunda, akugwa ndi kudzuka. Galimoto ya a Davison inali itapita kale. Makiyi anali m'thumba, koma zala zinakana kuwagwira, choncho anaswa loko wa paipi ya kumunsi ndi mwala. Anatsitsa kapaipi koonekera kaja, chingwe chikudya m'mabala a m'manja, nakakoka. Munalibe madzi ngakhale dontho. Kuyambira pansi mpaka pamwamba munali petulo yekhayekha.

Anatsika nako kudimba atakakweza m'mwamba. Anthu anamupatsa njira chifukwa cha nkhope yake, imene inali yoopsa kuiona. Anaima pamaso pa a Petros n'kukhuthulira mafutawo pamapazi awo.

"Awa ndatunga m'paipi ya pathanki," anatero. "Thanki ya a Davison ikudontha. Mafuta akuyenda pansi pa nthaka kubwera kuno. Tsoka sanathire kanthu."

Njerwa zinayamba kugwa m'manja mmodzimmodzi. Ena anayamba kubwerera m'mbuyo, kenako kulowa m'tchire, aliyense njira yake. Fainala anali atakhala m'matope, mutu wa mlongo wake uli pamiyendo, akumumasula chingwe ndi mano. Tsoka ankapuma mokoka. Anamukweza pangolo pamodzi ndi Mwavi ndi mayi Ezelina kupita nawo kumsewu, ndipo Tsoka anatsirizika ali pangolo pomwepo, galimoto isanapezeke.

Zotsatira zake zinayenda monga zimayendera. Apolisi anatenga amuna asanu ndi mmodzi, a Petros ali m'gulu. Mwavi anachira, koma diso limodzi linapita. Mathanki atafukulidwa, imodzi inapezeka ndi bowo la dzimbiri lolowa chala chachikulu, pansi penipeni, pomwe utoto sunafike. Chitsime chinakwiriridwa, ndipo mayi Chikhumbo anabooletsa mapaipi ena kutsika mpaka kudambo, chifukwa mafuta olowa m'nthaka satha chaka chimodzi. Anthu ankamutama Lemani. Ankati ndi mwamuna, anapsa koma anathamanga kukaulula chilungamo. Onse ankaganiza kuti mafuta a m'paipi anawatulukira tsiku lomwelo.

Lemani anagona m'chipatala milungu isanu. Maliro a Tsoka sanawaone. Fainala anachoka kumanda n'kubwera kudzamudikirira, ndipo anachita zonse zimene mkazi amachita. Ankamumwetsa phala ndi supuni chifukwa manja anali m'mabandeji, ankamusambitsa, ankamuingitsa ntchentche, ankagona pansi pa bedi lake pachitenje. Sankalira pamaso pake, ndipo za mlongo wake sankazitchula. Lemani ankalakalaka mkaziyo atamutukwana. Kukoma mtima kumeneko kunkamuwawa kuposa mabala.

Tsiku lotuluka, Fainala anamanga mbale ndi zofunda m'chitenje, namutsogolera pang'onopang'ono mpaka pachipata, pomwe pamaima njinga za kabaza. Anaitana imodzi, namuthandiza kukwera, namuikira katundu pamiyendo. Kenako anaima pambali, akuyang'ana pansi.

"Bambo a Thoko, ndifunse chinthu chimodzi. Mapaipi anali atatu. Tsiku lija munathamangira imodzi, osayang'ana enawo. Munadziwa bwanji kuti ndi imeneyo?"

Lemani akanatha kunena kuti ndi imene inayang'ana kudambo. Yankholo linali lomveka, ndipo mkaziyo mwina akanalilandira. Koma bodza linali litamutopetsa.

"Ndinkadziwa kale."

"Kuyambira liti?"

"Juni."

Fainala anagwedeza mutu pang'onopang'ono, ngati munthu amene wauzidwa zimene ankaziyembekezera.

"Juni," anabwereza. "Miyezi inayi munkadya naye m'mbale imodzi. Ndipo atagona pansi paja, anakuitanani kuti alamu, inu munaitanitsa nyali."

Wakabaza anali ataliza kale injini, akudikira kuti mayiwo akwere kumbuyo. Fainala anamuuza mudzi wokawatula bambowo, namuchenjeza kuti ayende bwino m'mabampu chifukwa mabala sanapole. Kenako Fainala anawoloka msewu kupita kumene kumaima magalimoto a ku Kapelula, ndipo pakhomo pa Lemani sanabwererenso.